Majumbo a pulasitiki m'misika ya m'malire: lamulo lilipo, nanga mbuzi zikuferanji?

Mvula yoyamba ikangogwa, aliyense woyenda pa msewu wochokera ku Ulónguè kupita ku Calómuè amaona zomwe fumbi la chilimwe linabisa. Ngalande zimadzaza ndi timajumbo tabuluu ndi takuda, madzi n'kusowa podutsa, n'kusefukira m'madimba a anthu. Madzi omwewo amatsika ndi timitsinje tothira mu Revúbuè mpaka kukafika mu Zambezi. Tsiku la msika likatha ku Lizulu, ku Biri-Biri kapena ku Zóbuè, ogulitsa akamanga katundu wawo, otsala pabwalo ndi majumbo ndi mbuzi zomwe zikuwanyambita.

Omvera athu ambiri sadziwa kuti dziko lathu lili ndi lamulo la nkhani imeneyi. Ndi Decreto 16/2015, ya pa 5 Ogasiti 2015, yomwe inayamba kugwira ntchito kumayambiriro kwa 2016. Lamuloli limaletsa kupanga, kulowetsa m'dziko ndi kugulitsa majumbo opyapyala osafika mamaikuloni 30. Limaletsanso kupereka jumbo yaulere m'malo a malonda, n'chifukwa chake m'masitolo akuluakulu a mumzinda wa Tete amakufunsani ngati mukufuna jumbo, n'kuiika pa lisiti. Ndipo jumbo yopangidwa ndi pulasitiki yakale yochita kusungunulanso yopitirira magawo 40 pa 100 aliwonse siyenera kugwiritsidwa ntchito pogulitsa zakudya.

Kutsidya kwa msewu, ku Malawi, lamulo lawo linabwera chaka chomwecho cha 2015, koma iwo anaika malire pa mamaikuloni 60. Makampani opanga pulasitiki anathamangira kukhoti, nkhani inakokana kwa zaka, mpaka khoti lalikulu la apilo linagamula mu Julayi 2019 kuti chiletsocho n'choyenera. Mmodzi mwa omwe anamenyera nkhondo chiletsochi, mayi Gloria Majiga-Kamoto, analandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cha ntchitoyo. Komabe makampani ena anabwereranso kukhoti kangapo, chiletso n'kumaimitsidwa, ndipo ndi kumayambiriro kwa 2025 pomwe khoti linatsegulanso njira kuti bungwe lawo loona za chilengedwe, MEPA, ligwire ntchito yake.

Tsono taganizirani jumbo ya mamaikuloni 40. Pa Lizulu, pomwe msewu ndiwo malire, jumbo imeneyo ndi yoletsedwa mbali iyo, koma mukaoloka phula n'kuponda mbali yathu ndi yololedwa. Mayi wogulitsa tomato ndi mmodzi yemweyo, makasitomala ndi omwewo, ndalama amalandira kwacha ndi metikali momwemo. Nanga maikuloni n'chiyani kwa iye? Mamaikuloni 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi. Jumbo ya mamaikuloni 30 ndi yopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Palibe wogulitsa kapena wogula pamsika amene angaipime ndi zala, ndipo ngakhale wokhometsa msonkho wa pamsika alibe chipangizo chopimira. Lamulo lomwe limadalira muyezo umene anthu ake sangauone limagwira ntchito pafakitale ndi pachipata cha alfândega basi. Likafika pamsika latha mphamvu.

Palinso kabowo kena m'lamulo lathu. Majumbo opimira zakudya pa sikelo anawapatula pa chiletso cha kupyapyala. Amene analemba lamuloli ayenera kuti ankaganiza za timajumbo toyera ta m'masitolo a ku Maputo, toikamo anyezi asanapite pa sikelo. Koma kuno kwathu pafupifupi chilichonse chogulidwa pamsika ndi chakudya chopimidwa: mulu wa usipa, kapu ya nyemba, mchere, shuga wa tsiku limodzi. Wogulitsa aliyense angathe kunena kuti jumbo yake ndi yopimira.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine n'chakuti Malawi akalimbitsadi chiletso chake, katundu wotsala m'nyumba zosungiramo katundu sadzatayidwa. Adzafuna msika, ndipo msika wapafupi ndife. Malire athu kuyambira ku Tsangano mpaka ku Angónia ndi Macanga ali ndi tinjira tosawerengeka tomwe njinga yakapalasa kapena yamoto imadutsa osaona mlonda. Mmene feteleza, chimanga ndi mafuta zimaolokera uku ndi uko mtengo ukasiyana, ndi mmene mabelo a majumbo angaolokere. Tanzania analetseratu majumbo onyamulira katundu mu Juni 2019, Kenya mu 2017, Rwanda mu 2008. Dziko lomwe lamulo lake n'lofewa pakati pa anzake olimbitsa ndilo limasanduka dzala.

Kwa anthu a mumzinda nkhaniyi ndi ya ukhondo ndi maonekedwe. Kwa ife alimi ndi ya chuma. Chaka chatha azakhali anga anali ndi mbuzi yaikazi yomwe inkangoonda ngakhale msipu unalipo. Anaigulira mankhwala a njoka zam'mimba kawiri, osasintha. Mimba inali yotupa, nthiti zikuwerengeka, kudya inkangolawa. Ataona kuti ifa yokha anaitana ana kuti aiphe, ndipo potumbula anapeza m'chifu muli chimpira cholimba cha majumbo opotana ndi zingwe za matumba, chachikulu ngati mutu wa mwana. Mbuziyo ankaisungira fizi ndi yunifolomu ya mdzukulu.

Aliyense wopha mbuzi kapena ng'ombe pamsika angakuuzeni kuti zoterezi si zachilendo. Chiweto chimakopeka ndi fungo la mchere, mafuta ndi nsomba lotsalira m'jumbo. Pulasitiki sigayika, imangounjikana m'chifu mwezi ndi mwezi. Chiweto chimamva ngati chakhuta, chimasiya kudya, mkaka umachepa, mwana amafooka, kenako nacho chimagona. Palibe mankhwala omwetsa omwe angasungunule chimpiracho. Ndipo nyengo yoopsa ndi ino yomwe timamasula ziweto tikakolola, pomwe msipu wauma ndipo mbuzi zimangoyendayenda m'misika ndi m'madzala. Ng'ombe yokoka ngolo ikafa chonchi, banja lataya thiransipoti ya mbatata ya kachewere ya chaka chonse.

M'munda namo vuto likulowa mwakachetechete. Alangizi akutilimbikitsa kupanga manyowa chifukwa feteleza wakwera mtengo, ndipo ambiri tikutapa zinyalala za kudzala n'kuthira m'dimba. Koma dzala la masiku ano si la kale lija la phulusa, makoko ndi zitosi. Theka lake ndi majumbo, mapaketi a sopo ndi timabotolo. Dzuwa likawawomba amangothetheka kukhala tizidutswa, osawola. Khasu likamatembenuza nthaka mumaona tizidutswa tabuluu pamzere uliwonse, ndipo tidzakhalamo ana athu akadzalandira mundawo.

Ena amati njira ndi kuwotcha. Amayi ambiri amakolezera mbaula ndi jumbo chifukwa imayaka msanga ngakhale makala atanyowa. Utsi wakewo ndi woipa m'chifuwa, makamaka m'khitchini yopanda mawindo momwe mwana ali kumsana. Chimodzimodzinso kuvundikira mphika wa mbatata kapena chimanga chophika ndi jumbo kuti zipse msanga, ndi kuthira chipisi chotentha chochokera m'chiwaya m'kajumbo kakuda. Majumbo akudawo nthawi zambiri ndi a pulasitiki yosungunulidwanso, omwe lamulo lija linafuna kuwatalikitsa ku chakudya.

Apa pakufunika chilungamo, chifukwa n'kosavuta mtolankhani kukhala mu situdiyo n'kumadzudzula amayi a pamsika. Jumbo inafala chifukwa imathandiza munthu wosauka. Amene ali ndi ndalama amagula mafuta a malita asanu kamodzi pamwezi. Amene alibe amagula a tsiku limenelo, omangidwa m'kapulasitiki ngati chala, mawa n'kugulanso ena. Umphawi ndiwo umagula pulasitiki yambiri. Komanso pali anyamata omwe amadya chifukwa choyenda ndi majumbo pamsika, ndi amayi omwe amaphunzitsa ana ndi mafilizesi. Wogulitsa tomato akakana kupereka jumbo, kasitomala amangosuntha mapazi awiri kwa mnzake. Mmodzi payekha sangayambe, angaluze.

N'chifukwa chake ndikuona kuti uthenga woti "aliyense asinthe khalidwe" ndi woona koma wosakwanira. Tiyeni tiwerenge limodzi. Tiyerekeze kuti banja limapita kumsika kawiri pamlungu, ulendo uliwonse n'kubwera ndi timajumbo tisanu. Pamlungu ndi 10, pachaka ndi 520. Mudzi wa mabanja 200 ndiye kuti majumbo oposa 100,000 pachaka, m'dera lomwe kulibe galimoto yotola zinyalala. Banja limodzi likasiya, majumbo 520 achoka, koma mbuzi ya banjalo idzadyabe a oyandikana nawo. Phindu la kusintha limaoneka pokhapokha msika wonse kapena mudzi wonse ukasinthira limodzi.

Ndipo zida zosinthira tili nazo kale, sizochita kuitanitsa kunja. Agogo athu ankapita kumsika ndi dengu, mtanga, kapulana yomanga pafundo. Basiketi ya mlaza kapena ya nsungwi imatha zaka, ndipo ndalama yake imatsala kwa wolukayo m'mudzi momwemo, osati kwa mwini fakitale ku Blantyre kapena ku Beira. Thumba la feteleza la makilogalamu 50, likachapidwa bwino n'kusokedwa ndi telala, limatuluka zikwama ziwiri zolimba zonyamulira kabichi ndi mbatata, ngakhale kuti ufa ndi mchere ndi bwino kuziika m'chotengera china. Mafuta ophikira angathe kupimiridwa m'botolo lobwera nalo kunyumba. Nyama ndi nsomba zaziwisi zingalowe m'kandowa kokhala ndi chivundikiro. Tsamba la nthochi likadali lomangira bwino kuposa pepala lililonse, ndipo mbuzi ikalidya imanenepa.

Pa za mabotolo ndichenjeze, chifukwa apa kusamala chilengedwe kukhoza kusanduka ngozi. Dera lathu limalima mbatata ya kachewere, tomato ndi fodya, ndipo mankhwala opopera ali m'nyumba iliyonse. Botolo la mankhwala a mbewu silisanduka la mafuta, la mkaka kapena la madzi a mwana wa sukulu, ngakhale mutalitsuka ndi sopo kangati. Malangizo ake ndi oti mulitsukuluze katatu, madziwo muwathire mu sipuleya momwemo, kenako muliboole kuti wina asadzalitole n'kuligwiritsanso ntchito. Si chilichonse chiyenera kugwiritsidwanso ntchito.

Nanga ndani angachititse kuti msika wonse usinthire limodzi? Kumtunda kuli bungwe la boma loyendera malonda, ndi AQUA, yoona za chilengedwe. Ntchito yawo yeniyeni ili kwa ogulitsa mabelo ndi olowetsa katundu, omwe ndi ochepa ndipo amadziwika, osati kulanda timajumbo khumi kwa mayi wa tomato. Kulanda kwa wamng'ono kumangobala chidani ndi ziphuphu. Mayiko a dziko lonse anagwirizana ku Nairobi mu 2022 kuti apange pangano lothana ndi pulasitiki, koma zokambirana za ku Busan mu 2024 ndi ku Geneva mu 2025 zinatha osamvana. Amene akudikira kuti yankho lichokere kumeneko adikira nthawi yaitali.

Mphamvu yomwe ili pafupi ndi ya makomiti a misika, mafumu ndi anyakwawa, komanso khonsolo ya município wa Ulónguè. Anthu amenewa amatha kale kukhazikitsa malamulo omwe aliyense amawamvera: tsiku lomasula ziweto, malo ogulitsira nyama, chindapusa cha ng'ombe yolowa m'munda wa mwini. Komiti ya msika ikagwirizana kuti kuyambira tsiku lakuti palibe wopereka jumbo yaulere, palibenso wogulitsa yemwe angaope kuthawidwa ndi kasitomala. Gawo la ndalama ya tikiti yomwe ogulitsa amalipira tsiku lililonse la msika likhoza kulipira anyamata otola majumbo msika ukangotha, mbuzi zisanafike, ndi kutchinga dzala ndi mpanda. Ogulitsa ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalama ya tikitiyo imagwira ntchito yanji, popeza zinyalala zimagona pomwepo mpaka msika wotsatira.

Pamisika ya pamalire penipeni, komiti ya mbali imodzi singathe yokha. Koma mafumu a mbali ziwirizi ndi pachibale, Angoni ndi Achewa omwewo, amakumana pamaliro, pamaukwati ndi pamilandu ya ng'ombe zobedwa. Mgwirizano wa pamsika wa Lizulu kapena Biri-Biri sufuna kudikira kuti Maputo ndi Lilongwe agwirizanitse 30 ndi 60. Ufuna akuluakulu a msika a mbali zonse akhale pansi tsiku limodzi, anyamata ogulitsa majumbo nawo aitanidwe, popeza ndi omwewo angayambe kuyenda ndi zikwama zosokedwa ndi mabasiketi.

Azakhali anga aja tsopano amamangirira mbuzi zawo ziwiri zotsala tsiku la msika ndi tsiku lotsatira lake, n'kumazidulira masamba. Akuti n'zotopetsa, ndipo chingwe chomwe amamangira nachonso n'cha pulasitiki, moti amayenera kuyang'anira kuti zisachitafune.