Makiyi a njinga yamoto afikenso m'manja mwa amayi

Alimi anzathu, njinga yamoto idalowa m'midzi mwathu osaodira. Kale tikamva kulira kwake tinkadziwa kuti kukubwera alangizi a zaulimi, azaumoyo kapena abambo a ku parishi. Masiku ano ikakwana nyengo yogulitsa fodya, soya ndi mtedza, m'midzi yambiri mumalowa Lifo kapena Sanlg yonyezimira. Ndalama yogulira imachokera m'munda umene bambo ndi mayi adalima limodzi, ndipo kawirikawiri amene adawerama kwambiri popalira, pokolola ndi poswa mtedza ndi mayiyo. Koma njingayo ikangofika pakhomo makiyi amalowa m'thumba mwa bambo. Bamboyo akachoka amasiyira mnyamata wa zaka 15. Gawo la mayi ndi kuipukuta fumbi ndi kukwera kumbuyo tsiku la maliro.

Ife tikuti mayi mlimi aphunzire kuyendetsa njinga yamoto, ndipo aphunzire poyera ndi mwadongosolo, osati mobisala kuseri kwa nkhokwe bambo atapita kubawo. Iyi ndi nkhani ya ndalama za ulimi wathu.

Taganizirani mayi amene wathyola madengu awiri a tomato kudimba, mtunda wautali kuchokera pa Lizulu kapena pa Jenda. Tomato sadikira munthu. Akasenza pamutu akafika msika utatha. Akalipira kabaza popita ndi pobwera, phindu lathera panjira. Akadikira venda pakhomo, mtengo anena ndi vendayo. Chimodzimodzi alimi a ng'ombe zamkaka ku Thyolo ndi ku Chiradzulu: mkaka wokama m'mawa ukachedwa kufika kumalo oziziritsira umasasa, ndipo ukasasa amaubweza. Njira yotsala ndi kutuma bambo. Abambo ambiri amabwera nazo ndalama zonse, tisawanamizire, komabe tonse tikuwadziwa makomo amene ndalama ya tomato imafika itapungukira pamalo achisangalalo. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amene wagwira chiwongolero ndiye amaona sikelo ndi maso ake, amamva mtengo wa tsikulo, amadziwana ndi ogula, ndipo ndalama imayambira m'dzanja lake.

Ngakhale m'bungwe lathu lomwe vutoli lilimo. Timasankha amayi m'makomiti n'kumaomba m'manja, koma msonkhano ukaitanidwa ku EPA mayi amachita kuwerengera maola oyenda pansi, ana, madzi ndi nkhuni. Akalephera kawiri katatu timayamba kunena kuti amayi safuna maudindo, chonsecho chawalepheretsa ndi mtunda.

Zonena za anthu

Ena akuti njinga yamoto ndi yolemera, mayi sangaithe. N'zoona kuti njinga zomwe zadzaza m'midzi mwathuzi zimalemera makilogalamu oposa 100, kuposa matumba awiri a feteleza. Koma njinga sasenza pamutu. Ikayamba kuyenda imadzichirikiza yokha, ndipo chimene chimafunika ndi luso la manja ndi maso. Amayi omwewa akupalasa kale njinga zakapalasa mwana ali kumbuyo, thumba la chimanga lili pakaliyala, kukwera nalo chitunda chopita kuchigayo. Pamenepo palibe amene amawamvera chisoni kuti ndi ofooka.

Nkhani yeniyeni imene anthu amaibisa m'mawu ndi ya kavalidwe ndi kakhalidwe: akuti mkazi wotang'adza pa njinga atavala thalauza ndi wosalangika. Maganizo amenewa ali ndi mbiri yake. Mu 1973 boma lidakhazikitsa lamulo loletsa amayi kuvala thalauza ndi masiketi aafupi, ndipo lamulolo lidatha pamene dziko limalowa m'ndale za zipani zambiri. Lamulo lidatha koma mtima wake udatsala. Mu Januwale 2012 anyamata ena adavula amayi ovala mathalauza m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, mpaka amayi adachita msonkhano wodzudzula mchitidwewo, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika adanena poyera kuti amayi ali ndi ufulu wovala zimene akufuna. Pa njinga yamoto thalauza ndi chovala chantchito, monga magambutsi kudimba. Chitenje cholendewera chikakodwa m'tcheni kapena m'masipoko chimagwetsa munthu nthawi yomweyo. Amene akufuna chitenje achipinde m'chikwama, akachimange akatsika.

Umboni woti amayi amatha sitichita kukaufuna kutali. Bungwe la Riders for Health, lomwe adayambitsa ndi Andrea Coleman, Barry Coleman ndi katswiri wa mipikisano ya njinga Randy Mamola, laphunzitsa azaumoyo aamuna ndi aakazi kuyendetsa njinga zamoto m'maiko monga Lesotho, Zimbabwe ndi Gambia, m'misewu yoipa ngati yathu yomweyi. Kuno kwathu bungweli lidadziwika ndi ntchito yonyamula magazi ndi zina zokayezetsa kuchokera m'zipatala zazing'ono. Chimene tikutolapo ife ndi kaphunzitsidwe kake: munthu amaphunzitsidwa ndi mphunzitsi weniweni, ndipo amaphunzira kusamala njinga yake tsiku ndi tsiku asanailize.

Mantha amatha bwanji?

Pafupifupi aliyense amene akuyamba amachita mantha, ndipo ife sitikuona cholakwika. Munthu woopa amamvetsera malangizo. Chimene chimabweza amayi m'mbuyo ndi kusekedwa. Aliyense woyendetsa njinga, ngakhale wa kabaza amene lero amadutsa ngati mphepo, idamuzimirapo kambirimbiri akuphunzira. Kusiyana kwake n'kwakuti mnyamata ikamuzimira anzake amaseka n'kumuuza kuti ayesenso, pamene mayi ikamuzimira mudzi wonse umati, "Tinanena ife." Ndiye tsiku lachiwiri sabweranso.

N'chifukwa chake malo ophunzirira ndi nkhani yaikulu. Bwalo la mpira la pasukulu, ana ataweruka, popanda gulu loonerera, amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi a kalabu imodzi kapena a banki m'khonde imodzi. Wina akagwa, omudzutsa ndi anzake amene nawo agwa posachedwa. Ndipo tinene mosapsatira: si bambo aliyense amene angaphunzitse mkazi wake. Ena mtima wawo uli pa penti wa njinga, ndipo phunziro limatha ndi mkangano wofika mpaka kwa ankhoswe.

Tsiku loyamba injini isalizidwe n'komwe. Wophunzira aikankhe njingayo, aiimike pa sitandi, aichotsepo, akhalepo aone ngati mapazi akufika pansi. Adziwe kuti dzanja lamanja ndi lowonjezera moto ndi kugwira buleki yakutsogolo, lamanzere ndi la kilachi, phazi lamanzere ndi la magiya, lamanja ndi la buleki yakumbuyo. Pamene ambiri amagwera mphwayi ndi pa kilachi. Ukaisiya msanga njinga imadumpha kapena kuzima. Ukaisiya pang'onopang'ono umamva pamene njinga yayamba kukoka yokha. Malo amenewo dzanja limawadziwa pobwereza basi: kunyamuka, kuima, kunyamuka, kuima, m'giya yoyamba, ngakhale tsiku lonse. Munthu amene wadziwa kuima pamene akufuna, theka la mantha lachoka.

Kenako maso. Njinga imapita kumene woyendetsa akuyang'ana. Ukayang'anitsitsa chitsa kapena dzenje, ukaligunda ndithu. Yang'ana njira imene ukufuna kudutsa. Pamchenga ndi pamatope, amene ndiwo misewu yathu, kufinya buleki yakutsogolo mwadzidzidzi, makamaka pokhota, ndiko kumagwetsa anthu. Liwiro lichepetsedwe usanafike pokhotapo.

Kugwa kuphunzitsidwenso, popeza kudzachitika. Njinga ikagona pansi, zimitsani injini, ipatseni msana, dzanja limodzi ligwire chiwongolero, linalo chitsulo chakumbuyo, n'kuidzutsa ndi mphamvu ya miyendo osati ya msana. Mayi amene waidzutsapo yekha njinga pabwalo saopanso kuyenda yekha kudambo. Awonjezerepo kudziwa kuona petulo, oyilo, kulimba kwa tcheni, manati, mabuleki ndi mpweya wa matayala m'mawa uliwonse, kuti pasapezeke womulipiritsa ndalama zambiri pa vuto la pulagi chabe.

Katundu abwere pomalizira. Thumba la makilogalamu 50 kapena zigubu za mkaka zimasintha mayendedwe a njinga: imachedwa kuima, ndipo imalemera pokhota. Yambani ndi katundu wochepa, womangidwa motsika, pakati, ndi malegeni olimba.

Zonsezi zimafuna njinga yoyeserera pafupipafupi. Satifiketi ya maphunziro a sabata imodzi ikagona m'sutikesi miyezi itatu mwini wake osagwira chiwongolero, mantha onse amabwerera. Apa mpamene mapulojekiti ambiri amaphonya: amajambula zithunzi tsiku lotsekera maphunziro, koma makiyi amabwerera kwa amuna.

Za ngozi sitibisa

Njinga zamoto zapha ndi kulumalitsa anthu ambiri m'dziko muno chichulukireni kabaza. Amene adakazondapo wodwala ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena kuchipatala cha mafupa cha LION, chomwe chidatsegulidwa ku Lilongwe mu 2023, adaona okha miyendo yomangidwa zitsulo. Sitikufuna kuti amayi athu akawonjezere mzere umenewo, komanso sitikunena kuti mkazi amabadwa wosamala. Wosamala ndi amene waphunzitsidwa. Ambiri mwa anyamata amene akugundana pamsewu adaphunzira masana n'kuyamba kunyamula anthu madzulo ake.

Kafukufuku amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lakhala likumutchula adapeza kuti helemeti yovalidwa bwino imachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 peresenti, ndipo cha kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti. Yovalidwa bwino ndi yokwana mutu komanso yomangidwa lamba pachibwano. Helemeti ya bambo yogwedera pamutu pa mayi, kapena yopachikidwa pa chiwongolero podikira kuona apolisi, siteteza aliyense. Nsapato zikhale zotseka, osati masilipasi, ndipo ambirife tikuzidziwa zipsera za paipi ya utsi pa akatumba a amayi okwera kumbuyo.

Lamulo likufuna chiphaso choyendetsera, cha gulu A1 pa njinga zosapitirira 125cc ndi gulu A pa zazikulu, komanso kuti njinga ikhale yolembetsedwa ndi ya inshulansi. Ife tikugwirizana nalo. Vuto ndi lakuti maofesi akuluakulu a Road Traffic ali m'mizinda monga Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo mayi wa kumudzi kuti atenge chiphaso ayenera kupeza ya basi, ya chakudya ndi womusiyira ana, mwina maulendo angapo. Tikupempha boma kuti oyesa mayeso azifika m'maboma ndi m'ma EPA pa masiku olengezedwa, makamaka anthu akangokolola pamene ndalama ilipo. Lamulo la 2013 lofuna kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limati polemba ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse. Ngati alangizi aakazi akulembedwa, apatsidwe njinga zoti mapazi awo afike pansi, mahelemeti a misinkhu yawo ndi maphunziro okwanira, kuti alimi akutali asamangowamvera dzina.

Kwa mafumu athu, Gogo Chalo, mawu anu amodzi pabwalo akhoza kutseka pakamwa onyoza. Kwa abambo anzathu, tsiku limene mudzadwale usiku, kapena mwana akadzatentha thupi inu muli ku okushoni, amene adzakhale pafupi ndi njingayo ndi mayi a kunyumba.

Pamsonkhano wa kalabu ukubwerawu, alembi alembe maina a amayi ofuna kuphunzira, ndi a mamembala amene angabwereketse njinga pamalipiro ogwirizana. Asungichuma awerengetsere petulo, mahelemeti awiri ndi ndalama ya mphunzitsi wa chiphaso, apampando akapemphe bwalo kwa aphunzitsi aakulu. Kalabu imene ili ndi njinga yakeyake ilembe m'malamulo ake masiku amene makiyi azikhala ndi amayi, ndipo maina ndi ziwerengerozo zitumizidwe ku komiti ya dera mvula isanagwe, bwalo lisanasanduke matope.