Kodi Ukwati Umathera pa Chipata cha Mwanza?

Makolo athu anali ndi dzina la mwamuna wopita ku Joni osabwerako: mtchona. Wenela analeka kulemba anthu m'Malaŵi muno mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu athu 74. Theba anayambiranso mu 1977, nalekeza mu 1988. Koma utchona sunathe ai. Lero mabasi ndiwo akunyamula amuna a ku Chinamwali, ku Sadzi ndi a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Zomba, ndipo ena mwa iwo aphunzira kubisala pakati pa malamulo a maiko aŵiri.

Taonani mmene amachitira. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pamodzi ndi lamulo la maukwati la 2015, amavomereza ukwati wa kuboma, wa m'tchalitchi, wa chinkhoswe, ngakhale wa anthu amene akhalira limodzi nthaŵi yaitali. Tsono mai amene ankhoswe anampereka ndi mkazi weniweni kuno kwathu. Nanga ku Johannesburg? Kalaliki wa kumeneko sadziŵa ankhoswe a ku Sadzi. Iye amaona za papepala. Mwamuna amangolumbira kuti sanakwatirepo, namanga ukwati wachiŵiri. Wina amene ukwati wake unalembedwa kale amadzera njira ina. Lamulo la chisudzulo la ku South Africa la 1979 limalola khoti la kumeneko kumva mlandu ngati mmodzi wa aŵiriwo wakhala m'dzikomo chaka chathunthu. Mwamunayo akanama kuti sadziŵa kumene kuli mkazi wake, khoti likhoza kulola kuti chisamani chingolengezedwa m'nyuzipepala. Kodi mai wotsika kuphiri ndi mtolo wa nkhuni pamutu adzaiona liti nyuzipepalayo? Adzamva kuti anasudzulidwa tsiku lofika maliro, anthu atayamba kulimbirana nyumba ndi ndalama za kuntchito.

Inde, chigamulo chopezedwa ndi bodza chikhoza kufafanizidwa. Koma wofafaniza ndi khoti la komweko, ndipo ngakhale maiyo atapambana ku khoti lalikulu la pa Zomba, chigamulocho sichidziyendera chokha kuoloka Limpopo. Ulendo ndi maloya zimafuna ndalama zimene iye alibe.

Ine sindidzudzula malamulowo kwenikweni, pakuti dziko lililonse limalemba ake. Ndikudzudzula ife. Ankhoswe ambiri masiku ano ndi a tsiku limodzi lokha, la nkhuku ndi thobwa. Ndipo alipo makolo, ena otsogolera ndithu m'miphakati, amene amadziŵa bwino kuti mwana wao ali ndi banja lina ku Joni, koma chifukwa malata afika ndipo foni ikulira kutha kwa mwezi, amauza mpongozi wao kuti, “Pirirani, mai, adzabwera.” Kumeneko si kumanga banja, koma kubisa mbala. Nayenso mkazi wachiŵiri uja wanamizidwa, pakuti akulera ana pa ukwati umene ungathe kugwa m'khoti.

Ena amati kufunsa chikalata ndi kusakhulupirirana, kapena kuti ndi zachizungu. Nanga bwanji anthu omwewo sagula njinga yamoto popanda mapepala?

Pa ichi Eklezia anachenjera kale. Ukwati wa mkhristu umalembedwanso m'buku la ubatizo la parishi imene anabatizidwira, ndipo wansembe wa ku Johannesburg sadalitsa ukwati asanaone kalata yatsopano ya ubatizo yochokera kuno. Lamulo la Eklezia nambala 1085 limaletsa womangidwa kale ukwati kukwatiranso, ngakhale atasudzula kukhoti. Nambala 1071 imati munthu amene ali ndi udindo wosamala mnzake wakale kapena ana asadalitsidwe popanda chilolezo cha akulu a dayosizi. Ndicho chifukwa chake matchona otere amalambalala tchalitchi.

Tsono inu ankhoswe ndi a bungwe la mabanja, musadikire pasipoti kutuluka. Lamulo la 2015 limalola kuti ukwati wa chinkhoswe nawonso ulembetsedwe. Ulembetseni mnyamata asanakwere basi, ndipo chikalatacho chitsale m'manja mwa mkazi, osati m'chikwama cha wapaulendo.