Galimoto Yakale Ikayamba Kugwada

Nyengo yokolola ikafika ku Masembura, tigalimoto takale tonga Nissan 1400 timatuta chimanga kupita ku depoti ya Grain Marketing Board ku Bindura. Anasiya kutipanga mu 2008 ku South Africa, ndipo tambiri tinagwada kumbuyo ngati ng'ombe yotopa pagoli.

Eni ake ambiri amathamangira kugula ma shock absorber. N'kulakwitsa kumeneko. Ntchito ya zida zimenezi ndi kuletsa galimoto kudumphadumpha. Zonyamula katundu ndi masipuling'i. Masipuling'i akawongoka chifukwa cha zaka ndi kulemedwa, msinkhu wa galimoto umatsika.

Choyamba, imikani galimoto pamalo osalala ilibe katundu. Yezani kuchokera pakati pa gudumu kufika m'mphepete mwa bodi, mbali zonse ziwiri. Mbali ina ikatsika, funani chitsulo chothyoka kapena mabushi a labala odyeka. Posintha masipuling'i, sinthani onse awiri. Mabawuti a mabushi amangidwe kolimba galimoto itatsitsidwa pa jeki. Kupanda kutero labala amapotoka n'kung'ambika msanga.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chizolowezi chowonjezera chitsulo pa sipuling'i. Galimoto imakweradi n'kuoneka yamphamvu, koma mabuleki ndi matayala ndi omwe aja. Nissan 1400 inapangidwa kuti izinyamula pafupifupi theka la tani, kutanthauza matumba 10 a makilogalamu 50. Gulu la alimi likamachita hayala galimoto yotere, liwerenge matumba lisanakweze amayi ndi ana pamwamba pa katunduyo.