Kafukufuku asamasankhire anthu opikisana

Chisankho chachipulula, chomwe ndi mpikisano wa m'chipani wofuna kupeza munthu mmodzi wodzachiimira pa chisankho cha pulezidenti, ndicho chimasautsa kwambiri ochita kafukufuku wa maganizo a ovota ku America, komabe n'komweko kumene zipani ndi mawailesi akanema zapatsa kafukufukuyu mphamvu zomwe sayenera kukhala nazo. Pa chisankho chachikulu wovota amangotsata chipani chake, pomwe pa chachipulula opikisana onse ndi a nyumba imodzi, kotero munthu amatha kusintha maganizo usiku woti kuvota ndi mawa, ndipo palibe amene amadziwiratu bwino kuti odzafika pamzere ndi ati.

Umboni sukusowa. Barack Obama atapambana chisankho chachipulula m'chigawo cha Iowa pa 3 Januwale 2008, pafupifupi kafukufuku aliyense adasonyeza kuti atenganso New Hampshire, koma patapita masiku asanu Hillary Clinton ndiye adapambana ndi mavoti 39 pa 100 alionse. Mu Malichi 2016 mayi yemweyo ankaoneka kuti wasiya Bernie Sanders ndi mavoti pafupifupi 20 pa 100 ku Michigan, koma mavoti atawerengedwa Sanders adapambana. Gwero lina la vutoli ndi lamya imene imaitana mpaka kuleka, mwini wake atayang'ana nambala yachilendo n'kuibweza m'thumba: bungwe la Pew lidapeza kuti oyankha kafukufuku wa pafoni adatsika kuchoka pa 36 pa 100 mu 1997 kufika pa 6 okha mu 2018.

Kuphonya kotere kukanakhululukidwa kafukufuku akanakhala wongodziwitsa anthu, koma adasanduka mlonda wa pakhomo. Mu Ogasiti 2015 chipani cha Republican chinali ndi opikisana 17, ndipo wailesi ya Fox News idalola khumi okha pa mtsutso waukulu ku Cleveland potengera zotsatira za akafukufuku asanu, moti John Kasich adalowa pomwe Rick Perry adakankhidwira ku mtsutso waung'ono, ngakhale awiriwa adasiyana ndi anthu osakwana awiri pa 100. Apa m'pamene pagona chinyengo, chifukwa kafukufuku aliyense ali ndi mpata wa kuphonya, womwe ndi mlingo umene zotsatira zingasiyanire ndi maganizo a anthu onse popeza ofunsidwa ndi ochepa chabe. Akafunsidwa anthu 1,000 mpatawo umakhala pafupifupi 3 pa 100 mbali zonse ziwiri, ndipo akakhala 400 umafika pa 5, choncho sikelo yotere singasiyanitse wokondedwa ndi anthu awiri pa 100 ndi wokondedwa ndi atatu. Akatswiri a ku Marist College adaona kuopsa kwake ndipo adayamba aimitsa kafukufuku wawo kuti asagwiritsidwe ntchito motere, koma mu 2019 chipani cha Democratic chidaikanso kafukufuku pakati pa zoyenereza munthu kulowa mtsutso.

Wotsekeredwa kunja saoneka pakanema, othandiza ndi ndalama amamuthawa, ndipo kafukufuku wotsatira amamupeza atatsikadi, kotero chida choyezera chimapanga chokha zomwe chimati chikuyeza, anthu asanaponye voti ndi imodzi yomwe. Zipani za ku America zileke kusefa opikisana ndi kafukufuku, ndipo atolankhani asamalembe za wotsogola popanda kutchula chiwerengero cha ofunsidwa ndi mpata wa kuphonya.