Asidi wa batire asaloledwe pakhomo

Bambo athu atamwalira, bokosi lawo la zipangizo za ukalipentala linakhala zaka zinayi m'kachipinda kodontha. Tsiku limene ine ndi mng'ono wanga tinalitsegula, sowo, matchizulo, sompho ndi hamala zonse zinali psuu ndi dzimbiri. Mnzake wina wa kugalaji anamuuza kuti imeneyo si nkhani: "Aise, ingoviika mu asidi wa batire, mawa zikhala mbee." Anamupatsa asidiyo m'botolo la chakumwa, atamukhuthula m'batire yakufa.

Mng'ono wangayo anakhala pakhonde ndi beseni, opanda magolovesi, opanda magalasi. Sowo inamupulumuka m'manja n'kugwera m'besenimo, kadontho n'kudumphira m'diso. Mfuu umene anakuwa sindidzauiwala. Ndinamukokera pampopi, n'kumutsegula chikope mokakamiza, madzi akuyenderera kwa mphindi ngati 20, kenako tinathamangira kuchipatala. Diso linapulumuka, koma mpaka lero limakha misozi dzuwa likaswa mtengo. Buluku limene anavala tsikulo linadzuka lili zibowo zokhazokha.

Ndakumbukira zimenezi chifukwa mvula yayandikira. Makasu, zikwanje ndi nkhwangwa zikutuluka kuseri kwa nkhokwe, ndipo malangizo a asidi aja ayambanso kumveka m'misika. Ine ndikuti mankhwala amenewa asaloledwe pakhomo pamene pali ana.

Madzi a m'batire ya galimoto ndi sulfuric acid wosungunula, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Asidi sasankha. Akamaliza dzimbiri amayamba kudya chitsulo chenichenicho, ndipo akakhudza khungu amadyanso. Thovu limene mumaliona likutumphuka m'beseni ndi mpweya wa hydrogen, umene umayaka msanga. M'chipinda chotseka, ndudu kapena mbaula yoyandikira ikhoza kubutsa moto. Komanso madzi a batire yakale amakhala ndi mtovu, poizoni amene amawononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono popanda chizindikiro choonekeratu. Ntchito ikatha, zotsala m'beseni timazitaya kuti? Pabwalo pomwepo, pamene ana amasewerera fulaye, nkhuku n'kumapalasa, mwinanso chitsime chili pafupi.

Ena amagula asidi wina kuhadiweya, uja amatsukira simenti pamatayilosi, wotchedwa spirits of salts, amene ndi hydrochloric acid. Ameneyu ungotsegula chivindikiro, utsi wake wakulasa kale m'mphuno ndi pachifuwa. Utsi womwewo umayala dzimbiri pa zitsulo zina zonse za m'chipindamo, ngakhale zimene zinali bwinobwino. Choopsa kwambiri n'chakuti pali anthu oganiza kuti kuphatikiza mankhwala kumawonjezera mphamvu, ndiye amathiramo bulichi wochapira ngati Jik. Zikakumana ziwirizi zimatulutsa mpweya wa chlorine, womwe uja asilikali a Germany anaphera nawo anthu ku Ypres m'dziko la Belgium mu April 1915. Munthu akupanga mpweya wa nkhondo m'bafa la kunyumba kwake chifukwa cha sipanala imodzi.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi botolo lija. Asidi wa batire amaoneka ngati madzi akumwa. Akakhala m'botolo la chakumwa pansi pa bedi kapena pazenera, mwana wa zaka zitatu amene wachoka kosewera ali ndi ludzu adziwa bwanji? Kamodzi kokha akameza, kummero ndi m'mimba mwapsa. Ena amene amapulumuka, kummero kumachepa chifukwa cha zipsera, moti kumeza nsima kumakhala nkhondo kwa zaka. Zikachitika, musamusanzitse, chifukwa asidiyo amawotchanso pobwerera. Musataye nthawi ndi mankhwala a pakhomo, thamangani naye kuchipatala mutatenga botololo. Inu amene mumagulitsa kapena kugawira anzanu asidi, lekani kuthira m'mabotolo a zakumwa. Ngozi imayambira m'manja mwanu.

Ndikumvetsa chimene chimakopa anthu. Mmisiri amadya za tsiku lomwelo, ndipo wogulitsa zitsulo zakale amadziwa kuti pulayazi yonyezimira imapita msanga kuposa yofiira. Sindikunyoza umphawi wa munthu. Koma ndinaona ndi maso anga mmene sowo ya bambo inatulukira m'beseni muja: yakuda bii, yodzaza timaenje, mano atadyeka. Patangopita masiku awiri dzimbiri linabwerera, loposa loyamba, chifukwa chitsulo chochoka mu asidi chimakhala pambalambanda, chinyezi chilichonse chimachigwira. Chitsulo cholimbitsidwa ndi moto, monga cha tchizulo kapena sipuling'i, hydrogen uja amatha kuchilowerera n'kuchisiya chosachedwa kuthyoka. Changu chinapezeka, koma sowo tinataya.

Bambo athu sanagwirepo asidi moyo wawo wonse. Loweruka madzulo amakhala pachitsa ndi chidutswa cha njerwa, mchenga wonyowa ndi kansanza ka parafini, n'kumakwecha uku akumvera wayilesi. Akamaliza amapaka kamafuta, chida chilichonse n'kuchibwezera pamalo pake. Khasu lokha sankavutika nalo n'komwe. Amati likalima mizere tsiku limodzi, dothi lilitsuka lokha, ndipo zimaterodi.

Dzimbiri likakhala louma mutu, viniga wa m'golosale amakwana. Mphamvu yake ya asidi ndi pafupifupi 5 peresenti yokha, n'chifukwa chake timamuthira ndi m'zakudya. Madzi a mandimu amagwiranso ntchito yomweyo. Chotsani mpini, viikani chitsulocho usiku umodzi panja, m'mawa kwechani ndi burashi ya waya kapena sanipepa, tsukani m'madzi osungunuliramo soda wophikira therere, umitsani padzuwa nthawi yomweyo, n'kupaka oyilo. Ngakhale apa maso atetezeni, ndipo bulichi asayandikire, chifukwa viniga naye amatulutsa chlorine akakumana ndi bulichi.

Matchizulo atatu amene mng'ono wanga anali asanaviike tsiku lija ndinawatsuka mwa njira imeneyi. Zinanditengera masiku awiri. Pa imodzi panatulukira zilembo za dzina la bambo, zimene anakhoma ndi msomali tisanabadwe, ndipo ndi yomweyo ndinakonzera chitseko cha amayi mwezi wathawu.