Chenjezo: kabokosi kotsitsa magetsi kangathe kukuyatsirani moto

Madalaivala a mathiraki amene mumagona pamzere wa pachipata cha Zóbuè podikira mapepala olowera ku Mwanza, amakaniko a magetsi a galimoto a mu Moatize, ndi inu nonse amene mumatchajira anthu mafoni pa batire la sola: lero lomwe, yang'anani kabokosi kamene kali pakati pa batire ndi katundu wanu. Ambiri timati konveta, m'masitolo amati conversor. Ntchito yake ndi kutsitsa mphamvu ya batire, kuti 24V ya thiraki ikhale 12V ya wailesi ndi kafiriji, kapena 12V ikhale 5V ya foni. Tina mwa timabokosi totchipa tilibe chitetezo chokwanira, ndipo tikawonongeka timapita ndi katundu yense amene mwalumikizako.

Mkati mwa kabokosika muli swichi yaing'ono imene imadula ndi kulumikiza magetsi mofulumira kwambiri. Mu tchipi chotchedwa LM2596, chimene chili pa timatabwa tambiri tabuluu togulitsidwa popanda chikuto, zimenezi zimachitika maulendo 150,000 pa sekondi imodzi. Swichiyi ikapsa, kawirikawiri imamatirira, njira n'kutsala yotsegula. Pamenepo magetsi onse a batire amangodutsa osatsitsidwa. Injini ya thiraki ikamalira mphamvu imafika cha m'ma 28V, ndipo yonseyo imakathera mu wailesi ya 12V kapena mu foni ya 5V. Konveta yabwino imazindikira kuti kotulukira kwakwera mopitirira muyezo n'kudula yokha. Musanapereke mametikali anu, funsani wogulitsa ngati chitetezo chimenechi chilimo, ndipo akuwonetseni pamene zalembedwa.

Mumufunsenso za kusinthanitsa mawaya. Aliyense amene wamangapo batire usiku ndi tochi ya foni amadziwa mmene waya wofiira ndi wakuda amasokonezera. Timatabwa tambiri totchipa tija sitikhululuka: mukaphonya kamodzi, kapasita imaphulika pamaso panu.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kuno ku Moatize kumapitirira madigiri 40 pamthunzi, nanga m'kabini yotseka mawindo masana? Chiwerengero cha 3A chimene mumawona pa kabokosi chimatheka pokhapokha ngati kali ndi chitsulo chotayira kutentha ndiponso mpweya ukudutsa. Kuno tili ndi fumbi la malasha limene limalowa paliponse, limatseka mipata ya chitsulocho, kabokosi n'kumaphikika mkati. Tsono konveta ikazima yokha masana n'kudzayakanso ikazizira, musaitukwane. Imeneyo ikugwira ntchito yake, ikukuuzani kuti mwaisenzetsa katundu wopitirira mphamvu zake kapena mwaibisa pamalo opanda mpweya. Chotsaniko zina, ipukuteni fumbi, isunthireni poyera. Musaikulunge m'nsanza, musaiyike pansi pa matiresi ogonera m'kabini.

Za fiyuzi ndikupemphani mogwada. Iikeni pafupi ndi batire penipeni, pa waya wofiira, ndipo ikhale yolingana ndi kukula kwa wayayo. Batire la thiraki likachita shoti limatulutsa ma ampere mazanamazana, waya amafiira ngati khala m'kanthawi kochepa, pulasitiki n'kuyaka. Fiyuzi ikadukanso mutangoisintha, pali vuto limene likufuna makaniko. Kuzenga kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwake n'kuitana moto. Pamzere wa Zóbuè mathiraki amaima mothithikana, ena atanyamula mafuta opita ku Malawi. Ife a m'boma la Moatize tikukumbukira Caphiridzange mu Novembala 2016, pamene thanki ya mafuta inaphulika n'kupha anthu oposa 70. Sitifunanso kuwona moto pafupi ndi thanki.

Pali ena amene amati konveta ndi yodula, amangokoka 12V pa batire limodzi mwa awiri a thiraki. Lekani zimenezo. Batire lokokedwalo limakhala losadzaza, linzakelo limatchajidwa mopitirira, ndipo onse awiri amafa nthawi yawo isanakwane. Mudzagula mabatire awiri pofuna kupulumutsa mtengo wa kabokosi kamodzi.

Kwa inu a masola kumidzi ya m'mbali mwa msewu wa N7: panelo yolembedwa 12V imatulutsa pafupifupi 21V pa dzuwa ikakhala yosalumikizidwa, choncho musakokereko foni kapena wailesi mwachindunji. Pakhale kontorola pakati pa panelo ndi batire. Ikadula magetsi usiku chifukwa batire latsika kufika cha m'ma 11V, musaidumphe polumikiza mababu pa batire penipeni. Batire la asidi likamaphweratu usiku uliwonse silikhalitsa.

Timabokosi tina tili ndi kasikuluu kosinthira mphamvu yotuluka. Musakhulupirire kuti kanachoka ku fakitale kali pa 5V. Lumikizani batire lokha, yezani kotulukira ndi mita, tembenuzani kasikuluuko mpaka nambala ikhale yoyenera, kenaka mulumikize foni. Ngati konveta yanu ili ndi waya woonda woyatsira ndi kuzimitsira, apite ku kiyi wa galimoto, kuti mukazima injini nayo izime, isamamwe batire usiku wonse muli pamzere.

Mukamva fungo la pulasitiki yopsa, kapena kabokosi katentha moti simungakagwire ndi dzanja, chotsani waya wakuda pa batire nthawi yomweyo, ndipo musakabwezerepo mpaka makaniko atakayeza.