Kudekha kwa Nkhono Sikuyatsa Magetsi ku Maganga

Pali mwambi umene ukuzunzika masiku ano, ndipo ouzunzawo ndi anthu opita kusukulu ndithu. Mwambiwo ndi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Magetsi akazima m'dera la Mfumu Maganga, kuchokera ku Senga Bay mpaka kumidzi ya kumtunda, sipalephera kupezeka munthu wa tayi amene amaukoka mwambiwu ngati bulangete n'kufunditsa aliyense wodandaula. Ena amafika pomati mdima uli ndi ubwino wake, chifukwa ana amasiya wailesi yakanema n'kukhala pamoto kumva nthano za agogo awo. Zidzukulu zisanamizidwe: kumeneku n'kupotoza nzeru za makolo.

Amene adaponya mwambiwu adaiyang'anitsitsa nkhono. Ikakhudzidwa imabweza maso ake, ndipo wofuna kuwaona ayenera kukhala chete, pakuti idzawatulutsa yokha. Mawu ofunika ndi amenewo: yokha. Kudekha kumene makolo ankaphunzitsa kunali kwa zinthu zobwera mwa chilengedwe chake, monga mvula, kupsa kwa mango, ngakhale kuleka kwa mwera umene umakhazika asodzi pagombe m'miyezi ya chisanu. Msodzi wa ku Maganga sakalipira mwera, amasoka ukonde n'kudikira. Koma bwato likabooka sadikira kuti lidzimate lokha, ndipo womuuza kuti adekhe pamenepo angamuyese wamisala. Magetsi ali m'gulu la bwato, sali m'gulu la mwera.

Chaka cha 2022 chidaphunzitsa zimenezi momveka. Pa 24 January namondwe wotchedwa Ana adagwetsa chimvula kummwera, madzi a mu Shire adaononga damu la Kapichira, ndipo pafupifupi dziko lonse lidagwa mumdima. Kapichira yekha ankapereka mamegawati pafupifupi 130, kotero kuti atatsekedwa, magetsi otsala a ku Nkula ndi Tedzani adayamba kugawidwa mosinthanasinthana, uku kuyaka uko kuzima. Makina a ku Kapichira sadayambenso kugwira ntchito kufikira mu 2023. Namondwe sangaimbidwe mlandu pabwalo, n'zoona. Koma amene adaika mazira onse a dziko mu mtsinje umodzi ndi anthu, ndipo chenjezo adalilandira kale mu 2017, pamene madzi a m'nyanja adatsika, Shire n'kuchepa mphamvu, magetsi n'kumazima usana ndi usiku. Ngakhale matope ndi zinyalala zimene zimatsamwitsa makina a EGENCO nthawi ya dzinja sizigwa kumwamba, zimatsika m'mapiri amene mitengo yake idatha ndi nkhwangwa.

Okonda kutonthoza anzawo ali ndi chifukwa china. Amati kudandaula za magetsi ndi matenda a anthu a m'tauni, popeza kalembera wa mu 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi. Wonena zimenezi sadaimepo pakhomo la chigayo tsiku la mdima. Mayi amene m'nyumba mwake mulibe babu ngakhale limodzi ndiye woyamba kulangidwa. Amasenza chimanga m'mamawa, amapeza matumba ndi madengu zitandandalika pamzere, amakhala pamthunzi mpaka dzuwa kupendeka, kenaka amabwerera nacho chimanga chosagaya. Kapena apite ku chigayo cha dizilo kumene mtengo ndi wokwera, kapena afunefune mtondo umene udasanduka mpando kuseri kwa khitchini. Ufa wa mumtondo ngwokoma, palibe wotsutsa, koma oukamba kukoma kwake nthawi zambiri si amene amagwira munsi.

Kunyanja nkhani yake njowawa koposa. Usipa uli ndi mwayi chifukwa umayanikidwa pa thandala ndipo dzuwa sililipiritsa. Chambo ndi kampango zopita zaziwisi ku Lilongwe zimafuna madzi oundana, ndipo mafiriji akazima, wogula nsomba amadziwa kuti msodzi alibe kothawira. Mtengo umagwa nthawi yomweyo. Nsomba yotsala imapita pamoto kukawambidwa, nkhuni zina n'kudulidwa. Wowotcherera zitsulo amatseka, wometa amakhala pakhonde kuwerenga odutsa, foni zimafa ndipo ndalama zotumizidwa ndi mwana wa ku Johannesburg zimakhala m'foni yozima pamene mphika uli pamoto. M'maboma a Salima ndi mumzinda wa Lilongwe, mabanja ophikira magetsi amatembenukira ku mbaula, ndipo matumba a makala amachuluka panjinga zotsika kuchokera kumbali ya nkhalango ya Thuma. Mdima wa lero ukudya mitengo ya mawa.

Nanga za nthano za pamoto zija? Nthano zinkakambidwa anthu atadya, ntchito ya tsiku itatha, nkhokwe ili ndi kanthu. Sizinali chipukuta misozi cha anthu amene malonda awo awola. Mwana wa Folomu 4 amene akuwerenga pa kandulo mayeso ali pafupi sakubwezeretsa mwambo uliwonse, akungoononga maso. Ndipo agogo amene amadikira kuti ESCOM izimitse magetsi kuti apeze omvera nthano zawo, vuto lawo lili pena.

Makolo omwewo adasiya mwambi wina umene otonthozawa saukumbuka: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pabwalo la mfumu munthu wolakwiridwa sankauzidwa kuti adekhe, ankauzidwa kuti afotokoze, ndipo wosunga nkhokwe ya mudzi ankayankha chimanga chikachepa. Kufunsa khansala, phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi akuluakulu a magetsi kuti zinthu zili pati ndi mwambo weniweni, osati chipongwe.

Mafunso ake sasowa, ndipo anthu a ku Salima ali ndi ufulu wowafunsa kuposa ena. Madzi amene amaomba gombe la Maganga ndi omwewo amene amatuluka ku Mangochi, kudutsa pa baraji ya ku Liwonde, n'kukazunguza makina a ku Nkula. M'boma lomweli, kampani ya JCM idatsegula mu 2021 munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 60, umene mphamvu yake imalowa m'mawaya a dziko lonse. Boma lopereka madzi ndi dzuwa lomwe likadayenera kuuzidwa, tsiku lisanafike, kuti chigayo chidzaima maola angati, kuti mayi uja asasenze dengu pachabe ndiponso kuti msodzi adziwe ngati chambo cha usiku umenewo n'chotumiza ku Lilongwe kapena n'chowamba.